Kalulu Akasiya Kudya: Chifukwa Chake Mafuta ndi Mankhwala Otsegula M'mimba Sathandiza

Mzinda wa Mutare, likulu la chigawo cha Manicaland kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, uli pamalire ndi dziko la Mozambique. Tsiku ndi tsiku anthu ndi katundu amadutsa pachipata cha Forbes kulowera ku Machipanda, Manica, Chimoio mpaka kudoko la Beira, ndipo pamodzi ndi iwo pamadutsanso nzeru za ulimi, zabwino ndi zolakwika zomwe. M'madera monga Sakubva, Dangamvura ndi Chikanga, komwe malo ndi ochepa moti munthu sangawete mbuzi kapena ng'ombe, mabanja ena amaweta akalulu kuseri kwa nyumba. Ena amawetera ndiwo ndi malonda, pamene ena amasunga kalulu mmodzi kapena awiri kuti azisangalatsa ana pakhomo. Chidwi pa ulimiwu chidakula kwambiri kuchokera mu 2020, chaka chomwe bungwe la alimi a akalulu la Zimbabwe Commercial Rabbit Breeders Association lidakhazikitsidwa.

Funso limodzi lomwe mlangizi wa ziweto amakumana nalo kawirikawiri ndi la kalulu amene wasiya kudya, wakhala duu pangodya ya khola, ndipo ndowe zake zachepa kapena zasiyiratu. Mwini wake amaganiza kuti chiwetocho chadzimbidwa, tsono amathamangira mafuta ophikira, mafuta a nsatsi, palafini kapena mankhwala otsegula m'mimba a anthu. Akalulu ambiri amene amafa atamwetsedwa zinthuzi akadachira akadapatsidwa madzi, udzu ndi mankhwala ochepetsa ululu. Nkhani ino ikufotokoza m'mene mimba ya kalulu imagwirira ntchito, chifukwa chake mafuta samasula vutoli, ndi zimene mlangizi ayenera kulangiza m'malo mwake.

M'mene mimba ya kalulu imagwirira ntchito

Kalulu woweta ndi wosiyana ndi kalulu wam'tchire wotchuka m'nthano. Makolo ake adachokera ku Spain ndi Portugal, komwe ankadya udzu wouma ndi zitsamba zolimba. Thupi lake lidazolowera chakudya chokhakhala chodyedwa pang'onopang'ono, maulendo 25 mpaka 40 pa tsiku, makamaka madzulo, usiku ndi m'bandakucha.

Pali zinthu zitatu zimene mlangizi ayenera kuzisunga m'mutu. Choyamba, kalulu sasanza. Khomo lolowera m'chifu chake ndi lothina kwambiri moti chimene chalowa sichibwerera kukamwa, kaya ndi ubweya, mpweya kapena mankhwala oipa. Chachiwiri, ntchito yaikulu yogaya udzu simachitikira m'chifu monga zimakhalira ndi ng'ombe, koma kumapeto kwa matumbo, m'thumba lalikulu lomwe akatswiri amalitcha caecum. Thumbali limasunga pafupifupi magawo 40 pa 100 a zonse za m'mimba, ndipo muli mabakiteriya ochuluka amene amaphwanya chakudya. Chachitatu, kalulu amatulutsa ndowe za mitundu iwiri. Zoyamba ndi timibulu touma tomwe mlimi amationa pansi pa khola, tokwana 150 kapena kuposerapo pa tsiku. Zachiwiri ndi zofewa, zonyezimira, zomatirirana ngati mphesa, zomwe kalulu amazidya zikangotuluka. Zimenezi si matenda ayi. Ndi njira imene chiwetochi chimapezera zakudya zomanga thupi ndi mavitamini B ndi K opangidwa ndi mabakiteriya aja.

Chimene chimayendetsa dongosolo lonseli ndi timitsitsi tolimba ta m'zomera, tomwe akatswiri amati faiba. Faiba wokhakhala akamadutsa m'matumbo amawachititsa kuti azifinya ndi kukankha chakudya kupita kutsogolo. Faiba akachepa matumbo amachita ulesi. Buku la bungwe la FAO lonena za kawetedwe ka akalulu, lomwe lidatuluka mu 1986 n'kukonzedwanso mu 1997, komanso buku la Peter Cheeke wa ku Oregon State University la mu 1987, onse amatsindika mfundo yomweyi. Chakudya cha kalulu amene akukula chizikhala ndi faiba wokwana magawo pafupifupi 14 pa 100, ndipo kalulu wamkulu wongosungidwa pakhomo amafuna woposerapo.

Chimene chimachitika kalulu akasiya kudya

Pali zifukwa zambiri zimene zimafooketsa matumbo a kalulu. Zina ndi chakudya cha gaga, chimanga, buledi kapena nsima yotsala popanda udzu, kusowa madzi, kusintha chakudya mwadzidzidzi, kutentha, mantha kaamba ka agalu kapena ulendo wautali, ndiponso ululu wochokera pena paliponse m'thupi. Mano ndi gwero lina lalikulu. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita 2 pa sabata, ndipo amaperepeseka pokhapokha akamatafuna udzu. Akapanda kuperepeseka amachita minga yomwe imacheka lilime ndi masaya, kalulu n'kuleka kudya.

Matumbo akafooka, thupi limapitiriza kuyamwa madzi kuchokera m'chakudya chimene chaima m'chifu ndi m'thumba lija. Chakudyacho chimauma n'kusanduka chigumu cholimba chosakanikirana ndi ubweya. Mabakiteriya abwino amachepa, oipa amachuluka n'kupanga mpweya. Mpweyawo umabweretsa ululu, ululuwo umaletsa kalulu kudya, ndipo kusadyako kumafooketsanso matumbo. Zikapitirira masiku awiri kapena atatu, thupi limayamba kusungunula mafuta ake, mafutawo amadzadza m'chiwindi, chiwindi n'kulephera kugwira ntchito. Akalulu onenepa ndi aakazi oyembekezera kapena oyamwitsa ndiwo amafika msanga pamenepa. N'chifukwa chake kalulu amene watha maola 12 osadya ndiponso osachita chimbudzi ayenera kutengedwa ngati wodwala mwakayakaya.

Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti gwero la vutoli ndi mpira wa ubweya umene kalulu amameza podzinyambita, ndipo mankhwala ake ankati ndi mafuta oti mpirawo uterere. Kafukufuku adasintha maganizo amenewa. Mu 1984 akatswiri a ku America adaunika zifu za akalulu athanzi ophedwa kuti adyedwe, ndipo adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse adali ndi mpira wa ubweya koma osadwala. Ubweya m'chifu cha kalulu ndi chinthu chachibadwa. Matumbo akamayenda bwino umatuluka ndi ndowe, nthawi zina timibulu n'kulumikizana ngati mikanda. Umaunjikana pokhapokha matumbo akaima. Motero mpira wa ubweya kawirikawiri ndi chotsatira cha matenda, osati chiyambi chake, ndipo wochiza mpirawo n'kusiya chimene chidaimitsa matumbo sadachize kanthu.

Chifukwa chake mafuta amathandiza ng'ombe koma osati kalulu

Mlimi amene amamwetsa kalulu mafuta sachita zimenezi mwaumbuli. Iye adaona mafuta ophikira akupulumutsa ng'ombe kapena mbuzi yofufuma mimba itadya msipu wanthete kumayambiriro kwa mvula, ndipo alangizi omwewo ndiwo adamuphunzitsa. Pa ziweto zobzikula, mpweya umakodwa m'thovu m'chifu chachikulu. Mafuta amaphwanya thovulo, mpweya umasonkhana pamwamba, ndipo ng'ombe imageya n'kupeza bwino. Kalulu sageya ndipo vuto lake si thovu. Vuto lake ndi chakudya chouma m'matumbo amene asiya kufinya. Chouma chimafewa ndi madzi. Mafuta amakuta chigumu chija kunja kwake n'kuchititsa kuti madzi avutike kulowa, ndipo sachititsa matumbo kuyambanso kufinya.

Ngozi ina ili pa kamwetsedwe. Kamwa ya kalulu ndi yaing'ono, lilime lake ndi lalikulu, ndipo amapuma kudzera m'mphuno. Kalulu wofooka akagwidwa chagada n'kuthiridwa mafuta kukamwa, ena amalowera kunjira ya mpweya. Madzi ochepa akalowa m'mapapo thupi limatha kuwayamwa, koma mafuta amakhala momwemo n'kuyambitsa chibayo chovuta kuchiza.

Mankhwala amene alimi amagwiritsa ntchito

Palafini. Mabuku akale a ziweto amatchula liquid paraffin, mafuta oyera, opanda fungo, ogulitsidwa kufamase. M'maiko a Zimbabwe, Malawi ndi Zambia mawu akuti palafini amatanthauza mafuta a nyale ndi a mbaula, omwe ku Mozambique amatchedwa petróleo. Ziwirizi ndi zinthu zosiyana kotheratu. Palafini wa nyale ndi poizoni: amawotcha kukhosi ndi m'chifu, ndipo madontho ochepa akalowa m'mapapo amapha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, tsono mlangizi amene watchula mawu akuti palafini pamsonkhano wa alimi aonetsetse kuti aliyense wamva bwino. Ngakhale wa kufamase uja sayeneranso kumwetsedwa kwa kalulu. Popeza alibe kakomedwe kalikonse, chiweto sichitsokomola akalowera kunjira yolakwika, ndipo akapatsidwa kawirikawiri amalepheretsa thupi kuyamwa mavitamini A, D, E ndi K. Mankhwala ophala opangidwira amphaka omeza ubweya ali m'gulu lomweli, popeza ambiri mwa iwo amapangidwa kuchokera ku mafuta a mtundu womwewu.

Mafuta ophikira. Mafuta a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza amagayidwa n'kuyamwidwa m'matumbo aang'ono, motero pang'ono safika n'komwe pamene pali vuto. Akachuluka amafika m'thumba lija n'kusokoneza mabakiteriya ogaya udzu, komanso amawonjezera mtolo pa chiwindi chimene chayamba kale kudzadza mafuta.

Mafuta a nsatsi. Awa amatsegula m'mimba mwa kupsereza khungu la m'kati mwa matumbo kuti afinye mwamphamvu ndi kutulutsa madzi. Kalulu wodwala amakhala atatha kale madzi m'thupi, choncho mafutawa amamufooketseratu. Ngati penapake patsekeka, kufinya kwamphamvuko kungathe kung'amba thumbo. Njere za nsatsi ndi zotsalira pofinya mafuta zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, ndipo chomerachi chisaponyedwe m'khola pamodzi ndi msipu.

Mchere wa Epsom ndi mapiritsi otsegula m'mimba a anthu. Mcherewu umakoka madzi kuchokera m'magazi kupita m'matumbo. Kwa kanyama ka makilogalamu awiri kapena atatu komwe sikakumwa madzi, zimenezi zimafulumizitsa imfa.

Chomera cha aloe, chomwe Ashona amati gavakava. Alimi ambiri ku Zimbabwe amachithira m'madzi a nkhuku. Utomoni wake wachikasu wowawa ndi mankhwala amphamvu otsegula m'mimba, ndipo kwa kalulu umachita monga momwe mafuta a nsatsi amachitira. Kuwawa kwake kumachititsanso kuti kalulu akane madzi amene akuwafuna kwambiri.

Madzi a chinanazi ndi papaya. Zipatsozi zimapezeka mosavuta ku Manicaland, ndipo ena amakhulupirira kuti zimasungunula ubweya monga momwe zimafewetsera nyama. Ubweya udapangidwa ndi zinthu zofanana ndi za nyanga ndi zikhadabo, ndipo madzi a zipatsozi sausungunula. Ngati kalulu wapezako bwino, amuthandiza ndi madzi a m'chipatsomo, pamene shuga wake amadyetsa mabakiteriya oipa. Madzi wamba amagwira ntchito yomweyo popanda ngoziyi.

Makapusozi a anthu. Mafuta akakanika, ena amatsegula kapusozi n'kuthira m'madzi. Mankhwala monga amoxicillin, ampicillin, penicillin, lincomycin, clindamycin ndi erythromycin akamwetsedwa kukamwa amapha mabakiteriya abwino a m'thumba lija n'kusiya a mtundu wa Clostridium, omwe amatulutsa poizoni. Kalulu amatsegula m'mimba n'kufa patatha masiku ochepa. Kalulu asamwetsedwe mankhwala opha mabakiteriya popanda dokotala wa ziweto.

Kusiyanitsa matenda atatu

Mlangizi asanalangize chilichonse afunse mafunso ndi kukhudza chiweto, chifukwa pali matenda atatu amene alimi amawatchula ndi dzina limodzi.

Oyamba ndi kufooka kwa matumbo. Amayamba pang'onopang'ono, kwa masiku awiri kapena kuposerapo. Kalulu amayamba wasiya gaga koma n'kumadyako masamba, kenaka amasiyiratu. Timibulu timachepa, timakhala tating'ono, touma ndi takuda. Mimba ikakhudzidwa imamveka ngati ufa wokanda, osati yolimba. Kalulu amakhalabe tcheru ndipo amatha kuyenda.

Achiwiri ndi kutsekeka kwa thumbo. Kachidutswa kolimba ka ubweya wopindana, njere ya chimanga kapena ya nyemba youma, kapena kansalu kamakodwa m'thumbo laling'ono pafupi ndi chifu. Kalulu amene adadya bwino dzulo lero wagwa mwadzidzidzi. Chifu chimadzadza madzi ndi mpweya n'kukhala cholimba ngati ng'oma kuseri kwa nthiti, makamaka kumanzere. Kalulu amakukuta mano, makutu amazizira, ndipo kutentha kwa thupi, komwe kumayenera kukhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40, kumatsika. Angathe kufa tsiku lomwelo. Dokotala wa ziweto wa ku England, Frances Harcourt-Brown, adaonetsa mu 2012, ataunika akalulu oposa 900, kuti shuga wa m'magazi amakwera kwambiri pa vutoli, kawirikawiri kupitirira 20 mmol/l, pamene pa kufooka wamba kwa matumbo amakhala wotsikirapo kwambiri. Kachipangizo koyezera shuga wa anthu ndi dontho limodzi la magazi a kukhutu n'zokwanira kuthandiza dokotala kusiyanitsa. Kalulu wotere asamwetsedwe mafuta, chakudya ngakhale madzi ambiri, chifukwa zonsezi zimangowonjezera m'chifu chimene chatsala pang'ono kuphulika. Afunditsidwe n'kupita naye kwa dokotala nthawi yomweyo.

Achitatu ndi matenda a ana a kalulu ongoleka kuyamwa, a masabata 5 mpaka 12. Mimba imatupa, m'kati mumamveka madzi, ndipo kumbuyo kumatuluka ndowe zamadzi kapena zonanda ngati mamina. Kawirikawiri gwero lake ndi tizilombo ta coccidia tofala m'makola auve ndi achinyezi, kapena chakudya chochuluka ufa n'kuchepa faiba. Nthawi zina thumba lija limauma n'kulimba pamene kumbuyo kukutuluka zonanda zokhazokha, mlimi n'kuganiza kuti ndi kudzimbidwa. Apa pafunika ukhondo, udzu wouma, madzi ndi mankhwala a coccidia olembedwa ndi dokotala.

Zoyenera kuchita pa kalulu wofooka matumbo

Ngati mimba ndi yofewa ndipo kalulu akutha kumeza, mlangizi alangize izi motsatana.

Kalulu achotsedwe pa dzuwa, pa mphepo ndi pa phokoso. Ngati makutu ndi miyendo zazizira, afunditsidwe ndi kansalu ndipo pambali pake paikidwe botolo la madzi ofunda lokulungidwa.

Apatsidwe madzi oyera ofunda pang'ono pogwiritsa ntchito jakisoni wopanda singano, pafupifupi mamililita 10 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, maola anayi aliwonse. Kalulu akhale chokhala, miyendo yonse ili pansi, osati chagada. Jakisoniyo alowetsedwe chakumbali, pa mpata umene uli kuseri kwa mano akutsogolo, ndipo madzi aperekedwe mililita imodzi pa nthawi, kudikira kuti ameze.

Pamaso pake paikidwe udzu wabwino ndi masamba amene amawakonda, monga chisoso, kholowa, masamba a mabulosi kapena a karoti, atawazidwa madzi. Gaga, chimanga, buledi ndi zipatso zichotsedwe.

Ngati sakudya yekha, chakudya chogula cha akalulu chinyikidwe m'madzi mpaka chikhale phala, kapena masamba asinjidwe bwino n'kusakanizidwa ndi madzi. Phalalo liperekedwe ndi jakisoni wodulidwa kumapeto, mamililita 10 mpaka 15 pa kilogalamu, kanayi kapena kasanu pa tsiku. Chakudya chodutsa m'matumbo ndicho chimawadzutsa.

Atulutsidwe m'khola kuti ayendeyende pamalo otetezeka, popeza kuyenda kumathandiza matumbo. Mimba ingathe kusisitidwa mofatsa, koma akaonetsa ululu asiyidwe.

Pakatha maola 12 mpaka 24 popanda kusintha, apite kwa dokotala kapena ku ofesi ya boma yoona za ziweto. Dokotala amapereka madzi pansi pa khungu kapena mumtsempha, mankhwala ochepetsa ululu monga meloxicam, ndiponso, akatsimikiza kuti palibe potsekeka, mankhwala odzutsa matumbo monga metoclopramide. Amaunikanso mano a m'mbali, omwe saoneka popanda chipangizo. Chizindikiro cha kuchira ndi timibulu tating'ono, topindikapindika, tomwe timakula tsiku ndi tsiku. Kuchira kumatenga masiku atatu mpaka asanu, nthawi zina kuposerapo, ndipo mwini chiweto auzidwe zimenezi kuti asataye mtima n'kubwerera ku mafuta.

Malo oyenera a mafuta

Zonsezi sizikutanthauza kuti mafuta ndi oipa kwa kalulu nthawi zonse. Monga chakudya ali ndi ntchito yake. Chakudya wamba cha kalulu chimakhala ndi mafuta okwana magawo 2 kapena 3 pa 100, ochokera m'mbewu ndi m'masamba, ndipo amenewa amakwanira kalulu wamkulu amene sakubereka. Mafuta ali ndi mphamvu yoposa kawiri ya ufa wa chimanga wolemera mofanana. Pachifukwachi kalulu wamkazi woyamwitsa ana ambiri, kapena akalulu amene achepetsa kudya kaamba ka kutentha kwa mwezi wa Okutobala, angathe kupindula ngati pa kilogalamu iliyonse ya chakudya pawonjezedwa mamililita 20 mpaka 30 a mafuta a mpendadzuwa kapena a soya. Mafutawo asakanizidwe bwino m'chakudya cha masiku ochepa okha, chifukwa akakhalitsa pamalo otentha amavunda ndipo akalulu amakana. Zotsalira pofinya mpendadzuwa wosasenda n'zabwino koposa, popeza zimapereka mafuta, zomanga thupi ndi faiba nthawi imodzi. Mtedza wachuku usapatsidwe konse, chifukwa poizoni wa chuku amaononga chiwindi cha kalulu msanga.

Kalulu wosungidwa kuti azisangalatsa ana ndiye amene amaonongedwa kwambiri ndi chikondi. Amapatsidwa mtedza, njere za mpendadzuwa, mabisiketi ndi zotsala za patebulo mpaka kunenepa. Akanenepa amalephera kupinda msana kuti adye ndowe zofewa zija, zimamatirira kumbuyo, ntchentche zimaikira mazira, ndipo m'nyengo yotentha mphutsi zimalowa m'thupi. Kalulu wotere safuna mafuta owonjezera ngakhale dontho.

Kupewa motsatira nyengo

Kupewa kuposa kuchiza, ndipo kupewa matendawa kumayamba ndi udzu. Gawo lalikulu la chakudya cha tsiku likhale udzu kapena masamba okhakhala, ndipo mulu wake ukhale wofanana ndi thupi la kalulu mwini. Ku Mutare mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo nthawi yabwino yofutsa udzu ndi kumapeto kwa mvula, udzu usanakhwime. Kapinga, udzu wa Rhodes, nsenjere yanthete, masangwi a mtedza ndi masamba a nyemba ziumitsidwe pamthunzi ndi kusungidwa pamalo okwera, opanda chinyezi. Chilala cha 2023 mpaka 2024, chomwe chidachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'miyezi ya Febuluwale, Malichi ndi Epulo 2024, chidaonetsa kuti msipu ungathe kutha msanga kuposa momwe mlimi amayembekezera. Msipu ukatha mlimi amadalira gaga yekha, ndipo matenda a m'mimba amayambira pomwepo.

Kumayambiriro kwa mvula ngozi imatembenuka. Akalulu amene adazolowera zouma akapatsidwa msipu wanthete wambiri nthawi imodzi amatsegula m'mimba. Chakudya chilichonse chatsopano chiyambitsidwe pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10, ndipo masamba afotetsedwe pamthunzi, osati kuunjikidwa m'thumba lapulasitiki momwe amatentha n'kuwola. Masamba a mapeyala, omwe amalimidwa kwambiri ku Manicaland, ndi poizoni kwa kalulu, chimodzimodzinso lantana amene wafalikira m'mapiri a kum'mawa, masamba a mbatatesi ndi a nsatsi. Lukina aperekedwe wochepa, wosakaniza ndi masamba ena. Chakudya cha nkhuku sichiyenera kalulu: faiba wake ndi wochepa, ndipo china chimakhala ndi mankhwala monga monensin ndi narasin omwe amapha akalulu.

Madzi akhalepo usana ndi usiku. Chikhulupiriro chakuti kalulu samwa madzi chapha ziweto zambiri. Kalulu amamwa mamililita 50 mpaka 150 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, ndipo woyamwitsa amamwa oposa pamenepa. Kutentha kukapitirira madigiri 30 amachepetsa kudya, choncho khola la malata likhale pamthunzi ndipo mphepo izidutsa. Pa nthawi yothothoka ubweya, makamaka pa mitundu ya ubweya wautali monga Angora, ubweya wothothokawo uchotsedwe ndi chipeso kapena ndi manja onyowa. Mwini chiweto aphunzitsidwe kuyang'ana pansi pa khola m'mawa uliwonse, chifukwa kukula ndi kuchuluka kwa timibulu ndiko kumaulula matenda kalulu asanaoneke wodwala.

Uthenga umodzi mbali zonse za malire

Alimi a m'dera lino amalankhula zilankhulo zambiri. Chiweto chomwechi Amanyika amati tsuro, olankhula Chipwitikizi amati coelho, ndipo mabanja amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Tete kudzagwira ntchito m'migodi, m'minda ndi panjanji amati kalulu. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013. N'kofunika kuti alangizi a Agritex, anzawo a ku Manica ndi Tete, komanso ophunzira zaulimi ku Africa University ku Old Mutare, yomwe idatsegulidwa mu 1992, azipereka uthenga wofanana, kuti mlimi asamve china tsidya lino ndi china tsidya ilo.

Pali chenjezo lina lokhudza malire. Kumapeto kwa 2022 matenda oopsa opatsirana otchedwa rabbit haemorrhagic disease adapezeka ku South Africa. Amapha akalulu ambiri m'masiku ochepa, ena akutuluka magazi m'mphuno, ena atangosiya kudya kwa maola ochepa. Ngati akalulu angapo asiya kudya ndi kufa nthawi imodzi m'khola limodzi, mlangizi asaganize za kudzimbidwa. Adziwitse ofesi yoona za ziweto msanga, aletse kugulitsa kapena kusamutsa akalulu a pakholapo, ndipo akumbutse alimi kuti kuwolotsa ziweto pamalire kumafuna chilolezo cha madokotala a boma.

Pa kalulu mmodzi amene wasiya kudya, mlangizi akhudze mimba choyamba. Ikakhala yolimba ngati ng'oma, chiwetocho chisamwetsedwe kanthu, chipite kwa dokotala. Ikakhala yofewa, chipatsidwe madzi, udzu, kufunda ndi mankhwala ochepetsa ululu, ndipo chimene chidaimitsa matumbo chifufuzidwe. Mafuta ophikira asakanizidwe m'chakudya cha akalulu oyamwitsa pa muyeso woyenera, koma asathiridwe kukamwa kwa kalulu wodwala.